Mchenga pa Nkhope ya a Tcheyamani

Ansembe achizungu a pa mishoni yathu ku Malindi atadwala mpaka kuganiza zobwerera kwawo, anagawira katundu wawo anthu amene ankagwira nawo ntchito. Akatekisiti analandira njinga. Amayi otsogolera kwaya analandira makina osokera. Wophika anapita kwawo ndi mapoto komanso mpando wa ndalema. Amuna anga, amene ankaphunzitsa sitandade sikisi ndipo aliyense, ngakhale ine ndemwe, ankawatchula kuti aphunzitsi, anabwera kunyumba ndi kamera.

Sinali ngati makamera aja ankayenda nawo ojambula a pamsika. Inali ndi malenzi awiri. Imodzi inali yaifupi, yodziwa malo ake. Inayo inali yaitali ngati munsi wa mwana amene akuphunzira kusinja, ndipo ndi imeneyi imene aphunzitsi anaibweretsa ataifungatira ngati khanda lochokera ku ubatizo. Ndinawafunsa ngati chinthucho chimasoka kapena chimakwereka. Anati chimakokera pafupi zinthu zakutali. Ndinathokoza kwambiri, popeza nkhuni tinkakatola kuphiri ndipo ndinali nditalakalaka kwa nthawi yaitali kuti zisendere kuno.

Ansembe anawasiyiranso kachitini kakuda kotsukiramo filimu, mabotolo a mankhwala ake, ndi mafilimu angapo amene anali atakhalitsa pawindo la ofesi, akuwotha dzuwa la kwathu kuno limene limaumitsa usipa usanafike masana. Anawalangiza zambiri pa tsiku lotsanzikana. Aphunzitsi ankagwedeza mutu, maso ali pa lenzi, ndipo ndikukhulupirira kuti sanamvepo kanthu.

Miyezi yoyamba ankaloza chilichonse chimene chinali kutali. Nkhwazi imene inkatera pa mtengo wouma kumiyala, mabwato okoka ukonde wa chilimira pakati pa nyanja, mapiri a tsidya lija kumene kuli Nkope. Ine ndi ana tinali ndi vuto lokhala pafupi. Filimu ikatha ankaisamutsira m'kachitini kaja, ndipo ntchito imeneyi inkafuna mdima weniweni. Choncho masana dzuwa likuswa mtengo, mwamuna wamkulu wophunzitsa ana a anthu ankalowa m'mabulangete athu onse, n'kumapumira m'menemo ngati mvuu, kenako n'kutuluka thukuta lili kamukamu ngati wadwala malungo. Akatsuka filimuyo ankaiyanika pachingwe changa cha zovala, ikauma n'kubwereka njinga ya akatekisiti kupita nayo ku situdiyo ya ku boma kuti akaisindikize papepala.

Zithunzi zoyamba tinazionera pakhonde. Achimwene anga, amene ankakhoma mabwato a matabwa kugombe, analipo. Anatenga chimodzi, n'kuchitembenuza uku ndi uku, kenako anawayamikira alamu awo kuti ajambula bwino kwambiri nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi. Aphunzitsi anati imeneyo ndi nkhwazi. Tinayang'ananso tonse. Pakati pa timadontho tambirimbiri totuwa panalidi kanthu kena kokhala ngati mbalame, kapena chitsa, kapena munthu wovala chipewa.

Aphunzitsi sanachite manyazi, chifukwa mphunzitsi akalephera chinthu amachifotokoza. Anati filimu imapakidwa timibulu ting'onoting'ono timene timagwira kuwala. Chinthu chikakhala kutali chimatenga kamalo kochepa pa filimupo, ndiye ukachikulitsa papepala timibulu tija timakula nacho limodzi. Timadonthoto anatipatsa dzina lakuti mchenga. Anati si vuto lalikulu, ndipo munthu wodziwa zithunzi amaona kudutsa mchengawo. Ife osadziwa tinapitiriza kuona nkhungu.

Zikanathera pomwepo, koma zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene khadi ya chipani inkafunika polowa mumsika, pokwera basi, ngakhale popita kukagaitsa. Munthu sukanayenda m'mudzi ndi chinthu chachitali chakuda paphewa osafunsidwa. A tcheyamani a nthambi yathu anali mnansi wathu, wogulitsa nsomba zouma, munthu amene ndinkatunga madzi limodzi ndi akazi awo. Tinkawadziwira pa chilankhulo. Akabwera akulankhula Chiyao ndiye kuti abwera ngati mnansi, mwina kudzabwereka nkhwangwa. Akabwera ndi Chichewa cha pa wailesi ndiye kuti labwera ndi boma.

Tsiku limenelo anabwera ndi cha pa wailesi. Anati amva kuti m'nyumba muno muli chida. Aphunzitsi anaitulutsa kamera, n'kuwapempha kuti asuzumiremo okha. A tcheyamani anaika diso, n'kuloza kugombe, ndipo anaona akazi awo atakhala pansi pa mtengo akucheza m'malo motembenuza usipa pathandala. Anayang'ana kwa kanthawi ndithu. Atachotsa diso anagamula kuti chidacho n'chothandiza pa chitukuko.

Pasanapite nthawi anabweranso ndi ntchito. Nduna ina inkabwera kudzaika mwala wa maziko a msika wa nsomba, ndipo iwo ndi amene anali oti akailandire potsika galimoto. Ankafuna chithunzi chawo akugwirana chanza ndi ndunayo, chachikulu ngati lichero, choti chikapachikidwe m'nyumba mwawo. Sanafunse ngati aphunzitsi akufuna. Masiku amenewo kufuna kwa munthu kunkadziwika kale asanafunsidwe.

Inali nyengo ya mwera. Kumwamba kunali mitambo yotuwa, nyanja ikuwinduka, mphepo ikutimwaza fumbi m'maso. Ife amayi tinayamba kuvina m'mawa, titavala nsalu zathu za chipani, ndipo tinavina mpaka nyimbo zonse zinatha n'kuyambanso. Nduna inafika dzuwa litapendeka kale, ngati linalipo n'komwe kuseri kwa mitamboyo. Amuna ovala masuti amene anabwera nayo ataona lenzi ya aphunzitsi sanafune kumva za chitukuko. Anawakankhira kumbuyo kwa amayi, kumbuyo kwa ana a sukulu, mpaka pachulu cha kumapeto kwa bwalo. Ali pamenepo, mphepo ikuwakankha, kuwala kukuchepa, anajambula ndi imodzi mwa mafilimu aja a pawindo.

Mlungu wonse wotsatira a tcheyamani ankasimba pamsika mmene nduna inawagwirira dzanja ndi manja onse awiri, n'kuwafunsa za ana kunyumba. Pofika Loweruka inali itawatchula ndi dzina lomwe.

Chithunzi chinabwera kuchokera ku boma chachikulu monga anafunira. Panali masuti awiri akuda atayandikana, aliyense ali ndi mutu pamwamba, ndipo mitu yonse iwiri inali itachita timadontho thoo. A tcheyamani anachiyala patebulo pathu. Ine ndinali pakhomo la kuchipinda ndi mwana kumbuyo. A tcheyamani analoza ndi chala.

"Aphunzitsi, nkhope ya a nduna ili ndi chikuku. Ine ndinawaona ndi maso angawa, analibe chikuku. Wachiikapo ndani?"

Aphunzitsi anayamba kufotokoza za timibulu togwira kuwala. A tcheyamani anawasiya alankhule mpaka kumapeto, kenako anati ku boma kuli anthu ena amene amakonda kwambiri kumvetsera mafotokozedwe ngati amenewo, ndipo ali ndi nthawi yambiri. Tonse tinkawadziwa anthu akewo. Tinkadziwanso mphunzitsi wina wa sukulu yoyandikana nafe amene anapita kukawafotokozera kanthu kena kakang'ono, ndipo akazi ake anali akudikirabe. A tcheyamani ananditumiza mbaula, n'kuchiwotcha chithunzicho ife tikuona, ati kuti adani a boma asachipeze. Potuluka anati nduna idzabweranso mvula ikadzatha kudzatsegula msikawo, ndipo iwo, chifukwa cha unansi, adikira mpaka pamenepo. Iwo atangokhota, aphunzitsi anatenga filimu ya tsikulo n'kukaiponya m'chimbudzi.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa nkhondo yolimbana ndi mchenga, ndipo monga zimakhalira pankhondo, katundu amene anawonongeka anali wa ife osamenya nawo.

Mawu a ansembe aja anayamba kuwabwerera aphunzitsi pang'onopang'ono. Anakumbukira kuti mafilimu ali mitundu iwiri. Pali ya nambala yaikulu pakabokosi, imene imagwira kuwala msanga ngakhale kunja kuli mdima, koma timibulu take n'tatikulu. Pali ya nambala yaing'ono, yodekha, yofuna kuwala kochuluka, koma timibulu take n'tosalala ngati ufa woyera. Mafilimu a pawindo onse anali a nambala yaikulu, ndipo kutentha kunali kutawawonjezera matenda. Ku situdiyo ya ku boma yodekhayo kunalibe, chifukwa kumeneko anthu ankangofuna zithunzi za pa ziphaso. Anachita kutumiza msuweni wawo wa ku Limbe, ndipo mafilimuwo anabwera pa basi atakulungidwa ngati mankhwala a mfumu.

Atafika panafunika powasunga pozizira. M'nyumba monse chinthu chozizira chinali chimodzi, mtsuko wanga wa madzi akumwa, umene mayi anga anandiumbira ndikukwatiwa. Aphunzitsi anaukhuthula, n'kuthiramo mchenga wonyowa, mchenga weniweni tsopano, n'kukwiriramo chitini cha mafilimu. Ife tinayamba kumwa madzi ofunda a mu ndowa. Ndikadandaula ankandiuza kuti madzi ofunda ndi abwino m'mimba.

Filimu yodekha inachotsadi mchenga, koma inabweretsa zake. Popeza inkafuna nthawi kuti ikhute kuwala, kamera inkayenera kukhala osagwedezeka, pamene lenzi yaitali imakulitsa kunjenjemera kwa dzanja monga momwe imakulitsira mbalame. Nkhwazi inatuluka yosalala bwino, ili ndi mitu itatu. Achimwene anga anati bola nkhungu zija, chifukwa izi tsopano zikufuna ansembe.

Komabe ndi achimwene omwewo amene anawakhomera miyendo itatu yoikapo kamera. Anaipanga ndi nkhafi zothyoka, pamwamba n'kumangapo bawuti ya injini yakale ya boti. Inali yolemera moti aphunzitsi akamapita nayo kugombe ankaoneka ngati munthu amene akusamuka. Mphepo ikawomba inkagwedezekabe, ndiye anapeza nzeru yopachika mwala pakati pake. Mwalawo unkafuna dengu, ndipo dengu limene linali ndi zogwirira zolimba linali langa la kumsika. Podina kamera ankayamba atulutsa mpweya wonse, n'kuima ngati chipilala cha mchere, kenako n'kudina ndi nsonga ya chala. Ana analetsedwa kuthamanga pafupi. Agalu a anthu anauzidwanso, koma sanamvere.

Kenako anatulukira kuti mankhwala otsukira akafunda amatupitsa timibulu tija, chimodzimodzi ukaisiya filimu m'menemo nthawi yaitali kapena ukamakhutchumula kachitini mwaukali ngati ukutsuka botolo. Choncho kutsuka kunasamukira m'mamawa kusanatenthe, mabotolo atagona m'beseni la madzi, beseni lake losambitsira mwana. Anatulukiranso kuti filimu ikamanidwa kuwala mchenga umabwerera m'malo onse akuda, makamaka pa masuti ndi pa nkhope za anthu ngati ife. Iwo ankati imeneyo ndi filimu yanjala, ndipo ankainena ndi chisoni chimene sindinachimvepo akamanena za ana awo chakudya chikachedwa.

Panalinso mpweya. Miyezi yotentha, anthu akamatentha tchire, utsi unkakhala pakati pa lenzi ndi chinthu chojambulidwa, ndipo masana mpweya wa pamchenga wotentha unkavina moti mabwato ankatuluka opindika. Apa panalibe katundu wanga amene akanathandiza. Anangophunzira kudzuka msanga ndi kudikira tsiku lotsatana ndi mvula, pamene mapiri a tsidya lija amaoneka ngati ungawakhudze. Chomaliza chimene anavomereza, monyinyirika, n'chakuti ngakhale lenzi ikhale yaitali bwanji, munthu uyenera kusendera mmene ungathere kuti chinthucho chidzaze filimu, usadzachite kuchikulitsa mopitirira. Mwamuna amene anabweretsa chida chokokera zinthu pafupi tsopano ankapalasidwa pabwato ndi alamu ake kupita kumiyala kuti akayandikire mbalame.

Zonsezi ndikuzidziwa chifukwa ndinaziphunzira mokakamizidwa, pa chakudya chilichonse, kwa miyezi. Ndikanalemba mayeso ake ndikanakhoza kuposa ana a sitandade sikisi, amene chaka chimenecho anaphunzira zochepa za masamu ndi zambiri za kuwala.

Ndinkawaseka aphunzitsi, koma ndinkaonanso kuti buluku lawo layamba kufuna lamba. Galimoto ikamveka kumsewu wa ku boma ankasiya kutafuna mpaka idutse. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pamwala, akuyang'ana filimu yonyowa kudzuwa, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Madzulo ake ndinawapatsa ndekha nsalu yanga yakuda ya kumaliro kuti atseke nayo windo la kuchipinda, asamafere m'mabulangete.

Mvula ili pakati aphunzitsi anabwera kuchokera ku boma akupalasa njinga ngati mnyamata. Anaika chithunzi patebulo. Inali nkhwazi yomwe ija, pa mtengo womwe uja, koma tsopano nthenga iliyonse inkaoneka payokha, zoyera za pachifuwa ndi zakuda za m'mapiko, diso likuwala, ndipo m'zikhadabo munali chambo chimene ngakhale mamba ake ukanawerenga. Kumbuyo kwake kumwamba kunali kosalala ngati mkaka. Achimwene anga anachiyang'ana nthawi yaitali, nthabwala zitawathera. Ine ndinati bola, kenako ndinapita kukhitchini, chifukwa mwamuna ukamuyamikira kwambiri amakagula lenzi ina.

Mvula itatha nduna inabweradi. Ulendo uno inafika m'mawa, nthawi yake yeniyeni, chifukwa inkathamangira nkhomaliro ku hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Kunja kunali kowala, mpweya uli mbee, mphepo kulibe. Aphunzitsi sanadikire kukankhidwa. Anapita okha pachulu paja kusanadzaze anthu, n'kuzika nkhafi zawo, n'kupachika mwala m'dengu langa, dzuwa lili kumsana kwawo. Ine ndinali m'gulu la amayi kutsogolo, ndipo kunena zoona sindinaone chilichonse cha kulandiridwa kwa nduna, popeza ndinali kuyang'ana mapazi a mayi wa patsogolo panga kuti ndisaphonye sitepe.

Mkulu wa situdiyo atasindikiza chithunzicho anachikulunga m'mapepala, n'kuwauza aphunzitsi kuti iye sanaone kanthu ndipo sakukumbuka amene anabweretsa filimuyo.

Tinachitsegula titatseka chitseko. Mchenga munalibe ngakhale kambulu kamodzi. Chilichonse chinalipo. A tcheyamani anali atawerama pafupifupi kupindika pakati, manja onse awiri atatambasula kutsogolo, nkhope itayang'ana m'mwamba ndi kumwetulira kwa mwana amene akudikira switi. Jekete lawo linkaoneka bwino lomwe kuti ndi lobwereka, manja ake akulekezera kutali ndi zikhatho. Nduna inali itawadutsa kale ndi phewa, maso ali kwina, dzanja lake likupita kwa bwana wina wa ku boma amene anaima kumbuyo. Pakati pa manja a a tcheyamani ndi thupi la nduna panali mpata woti mwana akanadutsapo, ndipo mu mpata umenewo munkaoneka bwinobwino amayi atatu ovina, wina akuyasamula. Woyasamulayo ndinali ine.

Ndinawafunsa aphunzitsi ngati panalibe chithunzi china cha pamene anagwirana chanza. Anati anadikira chala chili pa kamera mpaka nduna inakakhala pansi, ndipo chanzacho sichinachitike. Ataganiza pang'ono anawonjezera kuti akakumbukira bwino, ulendo woyamba ujanso sichinachitike.

Achimwene anga anati chithunzicho achimangirire ku mwala wa m'dengu uja akachiponye pakati pa nyanja, n'kukanena kuti filimu inapsa. Inenso ndinagwirizana nazo, ndipo sikuti chifukwa cha kuyasamula kokha. Koma aphunzitsi ankangochiyang'ana. Anatiuza kuti tione mmene ulusi wa batani la jekete ukuonekera, kuchokera pachulu mpaka pamenepo. Anati anauzidwa kuti achotse chikuku ndipo achichotsa. Munthu amene wavutika miyezi yonseyo kuti chinthu chioneke sangamve ukamuuza kuti vuto lake n'lakuti chikuoneka.

A tcheyamani anabwera Lamlungu titaweruka ku Misa, ndi Chichewa cha pa wailesi kuyambira kumpanda. Aphunzitsi anayala chithunzi patebulo. Ine ndinaima pamalo panga pa khomo la kuchipinda, ndikuwerengera mumtima zovala zimene ndingawalongedzere akamatengedwa. A tcheyamani anawerama. Ndinaona maso awo akuyenda kuchoka pankhope ya nduna, kupita pa manja awo, n'kuima pa mpata uja. Anakhala pansi osauzidwa. Atalankhula, analankhula m'Chiyao, motsitsa mawu, ngati munthu wodzabwereka nkhwangwa.

"Aphunzitsi, mchenga uja, kodi unatheratu?"

Aphunzitsi sanamve msanga. Anayamba kuwatsimikizira monyadira kuti watheratu ndipo sudzabweranso. Ndinachita kutsokomola. A tcheyamani anafotokoza, akuyang'ana pansi, kuti chithunzi choyamba chija chinali ndi ulemu wake, kungoti iwo anafulumira. Anati anthu pamsika akudikira kuona chanza, ndipo ngati pali njira yoti mchengawo ubwerere pang'ono, makamaka chapakatipa, iwo adzaiwala zonse zimene zinanenedwa m'nyumba muno.

Sindinawaonepo amuna anga atakhumudwa ngati tsiku limenelo, ngakhale pamene ankaopsezedwa. Koma anachita. Anakhoma chithunzi choyeracho pakhoma la khitchini, n'kudikira tsiku la mitambo. Anatenga filimu yomaliza mwa aja a pawindo, n'kukaima kumapeto kwa bwalo pafupi ndi khola la nkhuku, opanda nkhafi, opanda dengu, n'kuchijambula chithunzicho ndi manja okha. Mankhwala anawaika padzuwa kuti afunde, ndipo kachitini anakakhutchumula ndi mkwiyo wonse umene anali nawo. Chilichonse chimene anandiphunzitsa kuti n'cholakwika anachichita mwadongosolo, nkhope ili gwa.

Chimene chinatuluka chinali masuti awiri m'chimvula cha timadontho. Mpata uja unadzaza, amayi ovina tinasanduka chitsamba, ndipo munthu wofuna kuona chanza akanachiona. Chikuku chinabwerera pankhope ya nduna chochuluka kuposa kale, koma palibe anachitchula. A tcheyamani anachiika m'felemu n'kuchipachika m'nyumba mwawo, ndipo ankauza alendo kuti zithunzi za akuluakulu zimatuluka choncho, ngati za m'nyuzipepala. Choyera chija anachiwotcha pa mbaula yanga yomwe ija. Za filimu imene chinachokerako sanafunse, mwina sankadziwa kuti chithunzi chili ndi make, ndipo aphunzitsi ulendo uno sanapite nayo kuchimbudzi.

Patapita milungu ingapo a tcheyamani anabweranso ndi Chichewa cha pa wailesi. Anati popeza kuseri kwa mapiri athuwa kuli nkhondo ya anzathu a ku Mozambiki, si bwino kuti lenzi yoona patali chotere izikhala m'nyumba ya munthu wamba, ndipo aisunga iwo mpaka zinthu zitakhazikika. Aphunzitsi anaipereka ndi manja awiri. Anatsala ndi yaifupi ija, ndipo kwa zaka zambiri ankajambula maukwati, maubatizo ndi magulu a kwaya, anthu oima pafupi amene asankha okha nkhope yoti avale. Ankajambula bwino, anthu ankawakonda, koma sindinawamvenso akufotokoza za kuwala pa chakudya. Ndinadabwa kupeza kuti chakudyacho chinayamba kutalika.

Lenzi inabwerera zipani zitachuluka, a tcheyamani atasanduka munthu wogulitsa nsomba zouma basi. Anaibweretsa okha itakulungidwa m'thumba la feteleza. Inali itagona zaka zonsezo pamwamba pa kabati m'nyumba yodontha, ndipo mkati mwa galasi munali mutamera nkhungu ya chinyezi ngati ukonde wa kangaude. Aphunzitsi anasuzumiramo, n'kuthokoza, n'kuwafunsa za mitengo ya utaka. Pambuyo pake awiriwo ankakhala benchi imodzi kutchalitchi, mbali ya amuna achikulire, onse akuimba besi mosemphana ndi kwaya.

A tcheyamani atamwalira, ana awo anabwera kwathu m'mawa kudzafunsa ngati tili ndi chithunzi chilichonse cha bambo awo choti aike pabokosi, popeza cha pakhoma chija sichinkaoneka nkhope. Aphunzitsi analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kachidutswa ka filimu kali m'pepala, n'kukwera minibasi kupita ku boma. Anauza a situdiyo kuti asindikize mbali imodzi yokha, kulekezera pa zala. Filimu yodekha ija inalola kukulitsidwa popanda kudandaula.

Pamaliro anthu ankadutsa pabokosi n'kumaima pa chithunzicho. Panali mwamuna wowerama, manja onse awiri atatambasula, nkhope itayang'ana m'mwamba mwachiyembekezo. Amayi ena amene ndinakhala nawo pafupi anati sankadziwa kuti malemuwa anali munthu wopemphera chotere, ndipo mlaliki anatengapo mfundo ziwiri za ulaliki wake. Aphunzitsi anali m'gulu la amuna uko, akuyang'ana nsapato zawo. Pobwerera kunyumba anandiuza kuti a situdiyo a masiku ano sadziwa kusindikiza, achita mdima kwambiri pa jekete.